Chitsime Chathu pa Mapu a Aphunzitsi

Lolemba, 27 Okutobala 2008

Kope latsopano, cholembera chatsopano. Zaulere. Atipatsa ku holo ya tchalitchi kuno ku Mufakose, ati tizilemba zimene tikuona tsiku ndi tsiku. Ine sukulu ndinalekezera giredi 4, ku pulazi ku Trelawney. Ndilemba Chichewa cha m'buku la nyimbo. Palibe mmodzi wa otipatsa makopewa amene angawerenge, ndiye kopeli ndi langa.

Ndi maphunziro a aphunzitsi a sayansi. Alipo khumi ndi asanu ndi atatu. Kusukulu sakupita chifukwa malipiro awo sagula ngakhale sopo, koma kuno abwera onse. Pali tiyi wamkaka ndi buledi. Sindikuwanena. Nanenso ndadya zidutswa ziwiri, china ndakulunga m'mpango kuti ndikapatse amuna anga, a Lameki.

Andiitana ndi aphunzitsi a Ruvarashe, amene amagula tomato wanga pageti la sukulu. Ati pakufunika anthu anayi a m'dera. Wotsogolera ndi Mayi Iris a bungwe lina la m'tauni. Nsapato zoyera, fumbi la kuno silinazidziwe. Alemba pa bolodi m'Chingerezi, a Ruvarashe n'kundimasulira m'Chishona: anthu a m'dera si zinthu zoyeza, ndi anzathu pa kafukufuku. Kafukufuku wake ndi wa madzi. Mipopi inauma mu Ogasiti, suweji ikuyenda mumsewu, ku Budiriro anthu ayamba kufa ndi kolera.

Atilembetsa maina. Chitupa changa chili ndi chilembo A cha alendo ngakhale ndinabadwira m'dziko lomwe lino. Ndimaopa mapepala.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Lero aphunzitsi amaphunzira kulonjera. Zoonadi. Amuna a matayi kuwomba m'manja, kupinda bondo, ife anayi titakhala pa mipando kutsogolo. Mphunzitsi wina wa ndevu anandifunsa mfunda wanga. Ndinati Phiri. Wina kumbuyo: "Kani ma Bhurandaya nawonso ali nayo mifunda?" Anaseka. Mayi Iris amafuna choko m'chikwama. Bhurandaya ndi Blantyre m'kamwa mwawo, ndipo Blantyre yomwe amatinenerayo sindinaionepo.

Masana anafunsa amene akudziwa zitsime za m'makomo. Sindinakweze dzanja. Koma nkhope yanga sidziwa kubisa, a Ruvarashe anandiyang'ana kawiri.

Chathu chili kuseri kwa khola la nkhuku, pa nyumba ya Mai Vimbai, pomwe tili m'kachipinda ka kumbuyo. Anakumba ndi a Lameki mu 2003 titangochotsedwa ku pulazi. Kumeneko ndiyo inali ntchito yawo, kukumba ndi kusamala zitsime za ku komboni. Mu 2005 a khonsolo atagwetsa tinyumba ta kumbuyo, Mai Vimbai anatigoneka m'khitchini mwawo miyezi itatu. Osati chifukwa chotikonda. Chifukwa cha madzi.

Lamulo la a Lameki: ndowa imodzi, chingwe chimodzi, wotunga mmodzi. Ndowa imakhala pa msomali, sigunda pansi. Chingwe chimakulungidwa pa mkono. Wotunga asambe m'manja ndi phulusa. Zigubu za anthu zimaima pa njerwa, mapazi asanu kuchokera pakamwa pa chitsime, wotungayo ndiye amathira. Anayamba zimenezi chaka chimene ana anayi anamwalira ndi m'mimba ku komboni. Chichitireni sitiroko chaka chatha, wotunga ndine. Mabanja asanu ndi awiri, m'mawa uliwonse, mwakachetechete.

Lachitatu, 29 Okutobala

Timabotolo tating'ono, m'kati muli kapepala. Ukathira madzi oipa, pakatha masiku awiri amada ngati inki. Abwino sasintha. Ndinagwirako kamodzi. Zaka zisanu ndakhala ndikudzifunsa ngati sindikumwetsa anthu matenda. Kabotolo aka kangandiuze.

Kenaka phunziro la kumvetsera. Mphunzitsi atseke pakamwa, wa m'dera alankhule mphindi ziwiri, Mayi Iris akuyang'ana wotchi. A Ruvarashe anakhala maso ndi maso ndi ine. Ndinaulula. Ndinayamba ndi kukumba, kuya kwake, miyala ya m'mbali. Nditangofika pa ndowa, Mayi Iris anawomba m'manja. Nthawi yatha, sinthanani.

A Ruvarashe anati, "Mwalankhula bwino kwambiri, Mbuya." Anandipatsa shuga wawo wotsala.

Lachinayi, 30 Okutobala

Tayenda tsiku lonse, ine kutsogolo. Zitsime makumi awiri ndi zitatu. Zambiri ndine ndawaonetsa, pakuti wogulitsa tomato amadziwa khomo lililonse. Anthu amatsegula chifukwa aona ine.

Fomu yawo: kuya, kutalika kuchokera ku chimbudzi, chivindikiro chilipo kapena ayi. Ndinati lembaninso za ndowa. Wa ndevu uja anatembenuza pepala kumbuyo ndi kutsogolo, ati palibe mzere wake.

Panali pepala lina loti mwini nyumba asayine kuti wavomera. Mai Vimbai anapita ku Musina kukaoda katundu, abwera pakatha masabata. Mwana wawo Vimbai ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, anakana, ati iye sasayina za amayi ake. Aphunzitsi asanu ndi mmodzi ataima padzuwa akundidikira. Ndinasayina ine.

Ndinasayina ine. Ndalemba kawiri kuti ndisadzanene kuti anandikakamiza.

A Lameki anaona zonse ali pa mpando wawo pakhomo. Alendo atapita anangoti, "Rebeka, anthu a mu Mufakose munawawerenga?"

Loweruka, 1 Novembala

Timabotolo pa tebulo la m'holo, tonse pamzere. Takuda makumi awiri ndi kamodzi. Toyera tiwiri. Kena ndi ka mjigo wa mwini sitolo wina wa mpanda wa njerwa ndi agalu atatu. Kena ndi kathu.

Anandiimiritsa, anawomba m'manja. Mayi Iris anandijambula nditanyamula kabotolo. Ndisaname, ndinakondwa. Ndinathamanga kukauza a Lameki kuti sayansi yavomereza ntchito yawo. Anamwetulira mbali imodzi yomwe imagwira ija. Tadya mbatata ndi madzi athu.

Koma madzi akuda aja m'zitsime mwawo amaoneka oyera ngati athu omwe. Sindinathe kumaliza mbatata yanga.

Lolemba, 3 Novembala

Phunziro la lero: bwezerani zotsatira kwa eni ake. Ati ofufuza oipa amatenga nzeru za anthu n'kupita nazo, abwino amabweza. Ajambula mapu aakulu pa pepala la khaki. Misewu, manambala a nyumba. Madontho ofiira makumi awiri ndi limodzi, obiriwira awiri. Akhoma pa khomo la holo, panja, pamene aliyense amadutsa popita kokwerera makombi, maminibasi a kuno.

Ndinapempha a Ruvarashe pambali kuti nambala yathu aichotse. Anandigwira dzanja. "Mbuya, ana a m'kalasi mwanga awiri ali ku matenti a kolera. Tibise madzi abwino anthu akufa?" Sananame. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Ndinati ndiye lembani pansi pake za ndowa imodzi, wotunga mmodzi. Ati adzaziika pa msonkhano wa anthu onse sabata la mawa. Penti yobiriwira inali itauma kale.

Ku Mbare Musika m'mawa ndinauza Amália, mnzanga wa ku Tete amene timaoda naye tomato. Sanaseke. Ati ku msasa wa othawa nkhondo anawerengedwa kasanu, ndipo palibe ulendo umodzi umene kuwerengako kunawabweretsera chabwino.

Lachitatu, 5 Novembala

Dzulo anthu makumi atatu. Lero ndinalekera pa zana limodzi. Mzere kuchokera ku khola la nkhuku, kutuluka pageti, mpaka pa ngodya. Mawilibala, zigubu, mapoto, wina beseni losambitsira mwana.

Ndatunga ndekha kuyambira kum'mawa mpaka dzuwa pamutu. Aliyense ndimamuuza, chigubu pa njerwa, musayandikire. Ambiri amamva. M'manja mwatuluka matuza, ena aphulika. Tomato wawolera m'kireti, sindinapite pageti.

Mabanja athu asanu ndi awiri aja aima pa mzere ngati alendo. Sakundilonjera.

Vimbai akuti atumiza uthenga kwa amayi ake.

Lachisanu, 7 Novembala

Mkono wakana. Ndinakhala pansi pang'ono kuti ndipume, bambo wina wa ovolosi n'kutsitsa ndowa yake. Ya penti, matope kunsi kwake. Ndinakuwa. Iye: "Pa mapu alemba kuti ndi madzi a anthu onse. Iwe unabwera nacho chitsime kuchokera kwanu?" Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Kenaka ndowa zitatu nthawi imodzi, zingwe kukokana.

A Lameki anayesa kudzuka. Anagwa pa sitepe. Anawadzutsa ndi mayi wina wa pa mzere womwewo, n'kubwerera pamalo pake kuti asamulande.

Ndinapita ku holo. Aphunzitsi anali m'magulu, akujambula mtengo wa mavuto pa mapepala, mizu ndi nthambi. Mayi Iris anamvetsera bwino, mutu pambali monga anawaphunzitsira. Ati ndi chizindikiro choti anthu alandira zotsatira. Ati tikhazikitse komiti.

Lamulungu, 9 Novembala

Sindinapite ku tchalitchi. Mpanda wa kumbuyo wagwa, anthu akulowera kumeneko. Nkhuku ziwiri za Mai Vimbai zasowa. Chivindikiro chili uko, palibe amene akubwezera. Madzi atsika, akutuluka ofiirira.

Mtsikana wina wachapa matewera pambali penipeni pa chitsime. Mwana wake akutsegula m'mimba kuyambira Lachisanu. Ndinamukalipira, iye n'kuyamba kulira, ati akachapire kuti. Ndinamuthandiza kufinya. Kenaka ndasamba m'manja ndi phulusa kanayi, mpaka matuza kutuluka magazi.

Ndawiritsa madzi akumwa. Magetsi kulibe sabata yachitatu, nkhuni ndi za mpanda wagwawo. Vimbai akuti madzi owiritsa amanunkha utsi, amamuchititsa nseru. Ndamuona akumwa a m'chigubu.

Msonkhano wa anthu onse uja aukankhira kutsogolo. Holo ili ndi maliro.

Lachinayi, 13 Novembala

Mvula yoyamba. Anthu anavina mumsewu. Ine ndinaima pa khola ndikuona madzi a mumsewu, akuda, akulowa pomwe panali mpanda, akutsata njira imene mapazi akumba, mpaka pakamwa pa chitsime. Ndinatchinga ndi njerwa zija. Sizinathandize.

Ndapempha kabotolo kena kwa a Ruvarashe. Ati timabotolo n'towerengeka, chitsime chimodzi kabotolo kamodzi. Kenaka anatulutsa kena m'thumba mwawo, ati ndisauze munthu.

Loweruka, 15 Novembala

Kada.

Ndinapita ku holo ndi makala, ndinadetsa dontho lathu pa mapu. Mlonda anandigwira mkono, ati ndikuwononga katundu wa bungwe. Mzere kunyumba uli pomwepo. Ndikawauza kuti madzi aipa, akuti ndikufuna kuwamana. Mayi wina: "Aphunzitsi anayeza. Iwe unayeza ndi chiyani?" Ndinamuonetsa kabotolo. Ati ndathiramo makala.

Lachiwiri, 18 Novembala

Vimbai. Zinayamba dzulo masana, madzi okhaokha ngati otsukira mpunga. Maso kulowa m'kati ndikuona. Tamutengera ku matenti a ku Budiriro pa ngolo yokankha, ine ndi mwamuna wa nyumba yoyandikana nafe. Njira yonse Vimbai amandigwira chitenje.

Anatipopera mankhwala m'mapazi pageti, n'kutibweza.

Lachinayi, 20 Novembala

Vimbai ali moyo. Mimba yapita padera.

Mai Vimbai afika m'mawa ndi zikwama zawo za ku Musina. Anapita ku matenti, anabwera, anakhala pa sitepe nthawi yaitali. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anapita ku holo okha, anakatenga pepala lija ndinasayina. Pobwera analiponya pa miyendo yanga. "Mbuya Phiri, nyumba ino munagula liti?"

Ati mwezi ukatha tichoke. Chitsime chikwiriridwe.

A Lameki anawapepesa atakhala, chipewa m'dzanja. Iwo amene sanalakwe kanthu.

Ndikufuna wina woti ndimude ndi mtima wonse. Ndikayamba ndi Mayi Iris ndimafika pa wa ndevu, ndikafika pa wa ndevu ndimapita kwa bambo wa ovolosi, ndipo bamboyo mwina nayenso ali ndi wodwala kunyumba. Ndikazungulira ndimapeza dzina langa pa pepala, zilembo zanga zopindika.

Lachisanu, 21 Novembala

Tsiku lotsekera maphunziro. Sindinafune kupita. A Ruvarashe anabwera kudzanditenga, ati dzina langa lili pa ndondomeko.

Mpunga ndi nkhuku. Aphunzitsi khumi ndi asanu ndi atatu alandira masatifiketi, mmodzimmodzi, kujambulidwa. Pa khoma chithunzi changa chachikulu, ndikuseka, kabotolo koyera m'manja. Pansi pake mawu a Chingerezi. Ndinafunsa. Ati alemba kuti nzeru za anthu a m'dera ndi sayansi zikagwirana manja.

Anandipatsa mphindi zitatu. Ndinanena zonse. Ndowa, mpanda, matewera, Vimbai. Wa ndevu anayang'ana mbale yake. Mayi Iris anabwera kudzandikumbatira, fungo la mafuta abwino. Ati ndawaphunzitsa chinthu chachikulu, chilowa mu lipoti, pa mutu wa zimene taphunzira. Ati gulu lachiwiri la aphunzitsi lidzapindula kwambiri.

Iwo aphunzira. Ine ndikusamuka.

Ife anayi a m'dera atipatsa masikipa. Yanga ndi yaikulu, ikwana a Lameki.

A Ruvarashe anandiperekeza mpaka pa ngodya. Satifiketi anaipinda pakati n'kuiika m'thumba ngati risiti. Mwana mmodzi wa m'kalasi mwawo uja anamwalira Lachitatu.

Lolemba, 24 Novembala

Akwirira. Amuna awiri olembedwa ndi Mai Vimbai, zinyalala, zidutswa za njerwa, dothi. A Lameki anati ndiwatulutsire mpando. Anakhala pomwepo mpaka mapeto, akuwauza kuti miyala ya m'mbali ayambe achotsa, ndi yabwino, ingagwire ntchito pena. Sanawamvere.

Anakumba masabata asanu ndi limodzi. Kukwirira, tsiku lisanapendeke.

Anthu akubwerabe ndi zigubu. Mapu akadali pa khomo la holo, dontho lathu wina walipukuta, labiriwiranso.

Lamulungu, 30 Novembala

Ku Lochinvar, kuseri kwa mafakitale otsekedwa. Amália watipatsa theka la chipinda chake, pakati tapachika chitenje. Katundu yense pa ngolo imodzi, a Lameki pamwamba pake ngati thumba. Ana a mumsewu amaseka.

Vimbai anatuluka Lachisanu. Wawonda, akuyenda chogwira khoma. Ndinapita kukatsanzika. Anatembenukira kukhoma.

Amália ali ndi chitsime. Pansi pa boneti ya galimoto yakufa, kuseri kwa nyumba, pamwamba amayanikapo mbale. Mabanja anayi okha. Anandionetsa, kenaka anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinamva. Sanafunike kunena.

Chimbudzi chili pafupi. Ndayesa ndi mapazi iye atapita ku msika. Khumi ndi awiri. A Lameki amati osachepera makumi atatu. Sindinawauze.

Lachiwiri, 9 Disembala

A Ruvarashe andipeza. Anafunsa kwa ogulitsa tomato mpaka kufika. Ayenda wapansi kuchokera ku Mufakose, nsapato yang'ambika. Abweretsa sopo theka.

Gulu lachiwiri liyamba mu Januwale, mbali ino ya Lochinvar. Ati zinthu zasintha. Fomu yatsopano ili ndi mzere wa katungidwe ka madzi, anaumirira ndi iwo. Mapu sadzakhomanso panja popanda kufunsa. Ati akufuna ine, palibe wina amene angawauze aphunzitsi zoona. Ndikukhulupirira kuti amanena ndi mtima wonse. Ulendo woyamba ujanso amanena ndi mtima wonse.

M'nyumba munali motentha, tinakhala kuseri. Mpando ndi wa a Lameki, ndiye a Ruvarashe anasuntha mbale n'kukhala pa boneti. Amália amasenda anyezi pakhomo, mpeni unaima.

A Ruvarashe anafunsa kuti kuno timamwa kuti. Ati ngati pali chitsime angathe kuyeza mwakachetechete, iwo okha, osalemba paliponse.

Ndinati kuno kulibe chitsime. Timatunga ku mpopi wa ku njanji.

Anandiyang'ana kawiri monga tsiku lija. Nkhope yanga yaphunzira. Anamwa tiyi wopanda shuga, anathokoza, anapita. Za Januwale ndati ndiganiza.

Madzulo Amália wapakula chakudya. Wandiwonjezera ndiwo.

Mapazi khumi ndi awiri. Mvula ikugwa tsiku lililonse. Madziwo m'kapu ndi oyera, sanunkha. Nkhuni zowiritsira madzi zinatha dzulo, za mawa sindikudziwa.

A Lameki apempha madzi akumwa. Ndawapatsa.